Tcheniso ya Mayi Chikoti

Lidiya anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Kabudula, m'banja la alimi a chimanga ndi fodya. Sukulu analekeza sitandade sikisi, ndipo mpaka kukwatiwa, za mitengo ankangodziwa nkhuni zimene ankatola ndi anzake. Mwamuna wake, a Wilfred Chikoti, kwawo kunali ku Thyolo. Makolo awo anabwera kudzagwira utenanti pa esiteti ina cha ku Nsaru, koma iwo atakula anakana khasu n'kutsata macheka. Anayamba ndi sowo ya anthu awiri, ija wina amaima pamwamba pa chipika, mnzake ali m'dzenje utuchi ukumugwera m'maso. Makina a tcheniso atayamba kuchuluka, anadzimana mpaka anagula yawoyawo, yogwirapo kale ntchito, chogwirira chake chomangidwa ndi mphira.

Atakwatirana, a Chikoti anadzakhala chikamwini kwa Lidiya, ndipo anabereka ana awiri, Fatsani ndi Vainess. Anali munthu wanthabwala. Akabwera kutchire ankanunkha petulo ndi utomoni, ndipo ankayankhula mokweza ngati akuitana munthu ali tsidya la dambo, poti makutu anali atazolowera phokoso. Lidiya makinawo ankawaopa. Akamasesa m'nyumba ankawalambalala, osawakhudza ngakhale ndi tsache.

Chaka chimene Fatsani analowa sitandade faifi, esiteti ina kufupi ndi Namitete inasiya fodya n'kugulitsa nkhalango yake ya bulugama, imene kale inkapereka nkhuni zowotchera fodyayo. Wogulayo analemba ocheka okhala ndi makina awo, a Chikoti ali m'gulumo, n'kubweretsanso thirakitala yokhala ndi chiguduli kumbuyo chokulungira chingwe chachitsulo. Mitengo ikuluikulu inali kumunsi, m'mbali mwa dambo, kumene lole sikanatha kufika. Ocheka ankagwetsa mtengo, kuusadza nthambi, kuudula zipika. Wina ankatsika ndi chingwe chija n'kuchikoleka pachipika, kenako thirakitala ili kumtunda inkakulunga, chipika chikukhwekhwerezeka mpaka kumsewu.

Tsiku lina chipika chinakodwa pachitsa. Dalaivala sanaone, anangowonjezera moto, chingwe n'kukungika mpaka kuyamba kulira. A Chikoti anaika makina pansi n'kuthamanga akukupiza manja kuti munthuyo aime. Asanafike poonekera, chipika chinalumpha chitsa chija, n'kupotolokera kumbali, n'kuwapeza mwendo wamanzere.

Uthenga unamupeza Lidiya ali kudimba akuthirira mpiru. Anakwera njinga yamoto ya wobweretsa uthengayo matope ali kumiyendo. Kuchipatala cha ku Namitete madokotala anayesetsa, koma mafupa anali ataphwanyika kwambiri, ndipo mwendo anaudula m'munsi mwa bondo.

A Chikoti atatuluka m'chipatala sanalinso munthu uja. Ankangokhala pakhonde, ndodo zili pambali, maso ali kumsewu. Anzawo akabwera kudzawaona ankayankha mawu amodziamodzi mpaka alendowo atsanzike okha. Makina anawabweretsa mnzawo wina atawakulunga m'thumba la feteleza, ndipo Lidiya anawakankhira kunsi kwa bedi.

Itatha nyengo yokolola, kunabwera a Overton, achimwene ake a Lidiya, amenenso anali mkulu wa mpingo. Sanali munthu woipa. Nthawi yonse ya matenda ndiwo ankabweretsa chimanga pa ngolo yawo. Anamuitanira mlongo wawo kuseri kwa nkhokwe.

"Mlongo, alamuwa kutchire sadzabwererakonso, mukudziwa. Makina aja akungochita dzimbiri. Pali munthu ku Nsaru akuwafuna. Tiwagulitse, mugule feteleza, ana adye."

"Ndamva, achimwene. Nanga fetelezayo akatha chaka chino, chaka chamawa tidzagulitsa chiyani?"

A Overton anakanda kumutu. "Chaka chamawa Mulungu adzaona."

"Ndiloleni ndiganize kaye."

Anaganizadi, ndipo maganizo amene anamufikira anamuchititsa mantha iye mwini. Madzulo ena ana atapita kukasewera, anakhala pansi pafupi ndi mwamuna wake n'kunena kuti akufuna amuphunzitse kucheka.

A Chikoti anamuyang'ana koyamba pa nthawi yaitali. "Mwapenga kodi, aNachisale? Mwendo wangawu sunakukwanireni? Mukufuna ana akhale ndi makolo awiri opunduka?"

"Si makina amene anakupwetekani, ndi chipika."

"Ndakana."

Lidiya sanatsutse. Koma m'mawa mwake anasolola thumba lija, n'kupita nalo kuseri kwa khola la mbuzi. Petulo wosakaniza kale ndi oilo analipo m'kachigubu. Anathira monga ankaonera, anaponda chogwirira ndi phazi, n'kukoka kachingwe kolizira. Makina anangotsokomola. Anakokanso, anakokanso, mpaka phewa linayamba kuwawa ndipo thukuta linalowa m'maso. Dzuwa linakwera iye akadali pomwepo. Kenako anamva mawu aja anali atawasowa, okweza ngati akuitana munthu wa kutali.

"Mwawamiza ndi petulo makinawo! Bwezerani tchoko, kachitsulo kakuda ako ka pambali! Mukufuna kundiphera makina?"

Anabwezera kachitsuloko, anadikira pang'ono monga anamuuzira, n'kukoka. Makina analira mwaukali, nkhuku zinabalalika, mbuzi zinagunda khola, ndipo Lidiya anatsala pang'ono kuwataya n'kuthawa. Atatembenuka anaona a Chikoti ataima pangodya ya nyumba, atatsamira ndodo zawo, akupuma mwawefuwefu.

"Zimitsani," anatero. "Ngati mwatsimikiza mtima, tiyamba monga ndinayambira ine. Kanditengereni tupa."

Masiku oyambirira sanamulole kudula kanthu. Ntchito inali kunola tcheni ndi tupa, dzino lililonse palokha, kenako kumasula makina, kutsuka, kumanganso. Lidiya zala zinachekeka, koma sanadandaule, poti ankaona kuti mwamuna wake wayambanso kumeta ndevu ndi kumaliza chakudya m'mbale. Pambuyo pake anayamba kudula zipika za mtengo wa mango umene unagwa wokha kumunda. A Chikoti ankakhala pampando chapatali n'kumakuwa. Mapazi atalikirane. Dzanja lamanzere lisachoke pachogwirira. Nsonga ya mpeni isakhudze mtengo, chifukwa ikakhudza makina amadumphira kumaso.

Panavuta pa chovala. A Chikoti ananena kuti chitenje ndi tcheni siziyendera limodzi, nsalu ikangokodwa basi yakoka munthu. Lidiya anavala buluku la mwamuna wake, analipinda kumiyendo, n'kulimanga ndi chingwe m'chiuno. Nkhani inafika kumjigo tsiku lomwelo. Amayi ena ankati m'nyumba ya a Chikoti mwamuna ndi uja wovala duku. Mayi ake omubereka anabwera kudzamufunsa kuti anamuchitira choipa chanji kuti awachititse manyazi chotere. Lidiya analira atachoka, koma m'mawa anavalanso bulukulo. Popita ndi pobwera ankafunda chitenje pamwamba pake, n'kumachivula akafika pamtengo.

Kucheka matabwa ndiye kunamutengera nthawi. Ankanyika ulusi m'madzi a makala, kuukunga pachipika, kuukoka pakati n'kuusiya kuti usiye mzere wakuda, kenako n'kutsata mzerewo ndi makina, atawerama, akubwerera chammbuyo. Matabwa ake oyamba anatuluka onenepa uku, owonda uku. A Chikoti ataliona limodzi anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti limenelo likhale chitseko cha khola, mbuzi sizidandaula. Kunali kuseka kwawo koyamba chichitikireni ngozi ija, ndipo Lidiya anaseka nawo ngakhale msana unali ukuwawa.

Mvula yoyamba ya chaka chotsatira inabwera ndi chimphepo chimene chinasasula denga la tchalitchi cha m'mudzimo. Malata ena anapulumuka, koma mitengo ya denga inathyoka yonse. Kuseri kwa tchalitchicho kunali mabulugama akuluakulu a mpingo, okwanira denga lonse, koma waukulu kwambiri unapendekera kukhoma. Akulu a mpingo anatuma munthu ku Nsaru kwa wocheka wodziwika, ndipo anamva kuti ali ku Chikangawa, abwerako mvula ikatha. Anthu anapemphera pansi pa mtengo Lamulungu lina, mvula n'kuwabalalitsa ulaliki usanathe. Pa msonkhano wotsatira a Overton anaimirira.

"Abale, wocheka tili naye konkuno. Ine ndemwe ndinkati makina aja agulitsidwe. Koma matabwa a mlongo wanga ndawaona, ndipo ngolo yanga anandikonzera ndi iyeyo."

Ena anang'ung'udza, koma panalibe amene anali ndi nzeru ina.

Tsiku logwetsa mtengo waukulu uja kunasonkhana anthu ngati kuli ukwati. A Chikoti anthu anawabweretsa pa ngolo n'kuwakhazika pampando kutali ndi mtengo. Amuna anamanga chingwe cha sisalo m'mwamba, kuti azikoka mtengo ukayamba kuyenda. A Chikoti analoza ndi ndodo kubwalo la mpira.

"Ugwere uko. Dulani kukamwa, kamphako ka patsinde kaja, mbali imeneyo."

Lidiya anazungulira mtengowo pang'onopang'ono, khosi atalipinda, akuyang'ana m'mwamba. Kuchokera patsinde ankaona chimene munthu wokhala patali sakanaona: nthambi ziwiri zolemera zinali mbali ya kumunda wa abusa, ndipo kamphepo kankaombera komweko. Sanawatsutsepo mwamuna wake pa nkhani ya mitengo, ndiye achite zimenezo pamaso pa mpingo wonse? Anapita pomwe anakhala, anagwada, n'kuyankhula motsitsa.

"Bambo a Fatsani, kubwalo ukana. Kulemera kuli uku. Tikaukakamiza upota, ndipo upeza khoma."

A Chikoti anayang'ana mtengo, anayang'ana mkazi wawo. Anthu anayamba kuyang'anana.

"Wagwira makina ndi inu," anatero. Kenako anakweza mawu: "Amuna inu, sunthirani chingwe uko akuneneraku!"

Lidiya anavula chitenje n'kupatsa Vainess. Analiza makina, anadula kukamwa mbali ya kumunda, n'kuzungulira kuseri. Utuchi unkamuwaza m'miyendo, koma mpeni unkayenda mowongoka. Atatsala pang'ono kufika pa kukamwa kuja anasiya kachigawo kosadula kuti kagwire mtengo, anasolola makina, n'kukuwa kuti akoke. Mtengo unaima ngati ukuganiza. Kenako unalira mkati, nsonga inayamba kuyenda, ndipo unagwa ndi chiphokoso chimene chinagwedeza nthaka mpaka kumapazi a anthu. Khoma silinakhudzidwe. Nthambi imodzi yokha inaphwasula mpanda wa udzu wa bafa la abusa, ndipo amayi abusa ndi amene anayamba kululutira, ena onse n'kulandira.

Lidiya anazimitsa makina n'kukhala pachitsa. Mayi ake anadutsa pakati pa anthu atanyamula kapu ya madzi. Anamupatsa n'kuima pambali pake mpaka anamaliza kumwa.

Kucheka mitengo ya dengalo kunatenga nyengo yonse ya mvula, poti ankagwira masiku okhawo kukacha bwino, komanso munda unkamudikira. Pofika Pasaka anthu anapempherera m'kati. Kuyambira pamenepo oitana sanasowe. Wina akufuna mabulugama a kumunda kwake asanduke matabwa a nyumba, wina malaina, mitengo yocheka ya mafelemu a zitseko, akalipentala a pa Kabudula akufuna a mipando. Anafika mpaka ku Nambuma ndi ku Mpingu, makina atawamanga pa kaliyala wa njinga.

Ntchitoyi yamudya thupi. Khutu lakumanja limamva mwapatalipatali, ndipo nyengo yozizira zala zimachita dzanzi moti singano imamuvuta kugwira. Masiku ano amatseka makutu ndi thonje, ndipo saiwala kuuza ocheka anzake kuti azitero, ngakhale ambiri amangomuseka. A Chikoti anadzalandira mwendo wochita kupanga kuchipatala cha mumzinda. Amayenda motsimphina koma opanda ndodo, ndipo tsiku la msika amakhala pakhonde la sitolo ina pa Nsaru ndi matupa awo ndi masipanala, akunola matcheni ndi kukonza makina a anthu. Nthabwala zinabwerera, moti pakhondepo sipasowa ocheza. Fatsani akuphunzira ukalipentala, Vainess ali kusekondale ndipo akuti adzakhala namwino.

Chilimwe chathachi kunabwera mayi wina wa ku Nambuma, dzina lake Rabecca, wamsinkhu ngati wa Lidiya yemwe. Mwamuna wake anapita ku Joni ndipo anasiya kuimba foni, koma m'nyumba anasiyamo tcheniso. Anafika masana, atatopa, n'kukhala pamphasa nthawi yaitali akukamba za mvula ndi mitengo ya feteleza asananene chimene anadzera.

"Ndamva kuti inu mumacheka, mayi. Kodi munthu ngati ine angathe?"

Lidiya anayang'ana manja a mlendoyo. Anali manja a khasu, olimba bwino.

"Mantha muli nawo?"

"Kwambiri."

"Ndiye mukhoza. Wopanda mantha sindingamuphunzitse. Mugone konkuno lero, mawa ndikacheka malaina kwa a Yonasi kuseri kwa sukulu. Mukanyamule chigubu cha petulo, muone kaye mmene zimakhalira."

Rabecca anavomera, ndipo awiriwo ananyamuka kupita kudimba kukathyola ndiwo dzuwa lisanapendeke.