Bambo Sopo

Kwathu ku Velim, pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi mwamuna amene anakalambira pa sitima zapamadzi. Bostiao Rebelo anali woperekera zakudya m'sitima za alendo olemera, ine ndinali kochapira zovala. Atapuma ntchito anabwera ndi khalidwe limodzi: sankalola munthu kugwira chakudya asanasambe m'manja. Kaya pa ukwati, kaya pa maliro, ankaima pakhomo ndi ndowa. Ana anamupatsa dzina loti Bambo Sopo.

"Munthu mmodzi wotsegula m'mimba amagoneka sitima yonse," ankatero. "Ndinaziona ndi maso angawa."

Mkazi wake, Piedade, anali asanakwerepo sitima. Zaka zonsezo ankalera ana yekha, madoko ankangowamva m'nkhani. Limene ankalilakalaka linali la ku Mauritius, kumene Bostiao anamugulira nsalu yabuluu adakali achinyamata. Ana awo, Rosita ndi abale ake, atakula anawakonzera ulendo wautali wa panyanja wodzera komweko. Ine, popeza mkazi wanga anatisiya, ananditenga kuti ndikapitidweko mphepo.

Tili pakati pa nyanja, ndinaona Bostiao akudzukadzuka patebulo, nkhope itatuwa. Ndinamutsatira pakhonde.

"Achimwene, m'mimbamo simuli bwino."

"Ndi nsomba ya dzulo basi. Iwe Inacio, ntchito yako inali makabudula a azungu. Udokotala unauphunzira kuti?"

"Kauzeni anesi."

"Ndikanena atitsekera m'chipinda tonse awiri, lamulo ukulidziwa. Mayi a Rosita adikire zaka zonsezi kuti Mauritius akamuonere pawindo?"

Sanadikire yankho langa. Anabwerera kukadya ngati palibe chachitika. Pamalo odzitengera chakudya anagwira chipande chimene aliyense ankagwira. Anamusendera Piedade lalanje ndi manja ake monga mwa masiku onse, kuopa kuti akasiya mkaziyo angadabwe.

Doko lisanaoneke, Piedade anagwa nawo matendawo. Anadwalanso mayi wina wokalamba wa ku Pune amene tinkadya naye tebulo limodzi, ndipo iyeyo anachita kumuika diripi. Nesi atabwera kuchipinda, ine ndili pakhomo, anafunsa Bostiao ngati iye akupeza bwino.

"Ndinayamba ndine," anatero, maso ali pansi. "Papita masiku."

"Simunkadziwa kuti muyenera kunena, bambo?"

Piedade anayankha ali chigonere. "Awawa? Lamulolo amaphunzitsa mudzi wonse."

Sitima inaima ku Mauritius chitseko cha chipinda chawo chili chotseka. Ine ndinatsika, n'kuyendako pang'ono, koma sindinakhalitse. Bostiao anadzandiuza pambuyo pake kuti tsikulo Piedade anapempha kuti amukhazike pafupi ndi kawindo. Anali atadzifunditsa nsalu yabuluu ija, imene anailongedza pansi penipeni pa sutikesi osauza munthu. Koma kawindo kawo kanayang'ana kunyanja. Doko linali mbali inayo.

Titabwerera kumudzi, amayi a kutchalitchi anamuzungulira Piedade.

"Tatiuzani, ku Mauritius n'kotani?"

"Madzi ake ndi oyera bwino," anatero.

Sanawonjezere mawu, ndipo za matenda sanauze munthu. Ndikuganiza kuti Bostiao akanakonda mkazi wake atangomukalipira pagulu. Anasiya kubwera pansi pa mtengo wa mango pamene akuluakulu a m'sitima timakhala masana n'kumanamizana. Akakumana nane panjira amandipatsa moni wa mwamsanga, ngati munthu amene wasiya mphika pamoto.

Pa chikondwerero cha woyera wa tchalitchi chathu chaka chimenecho, ndowa ndi sopo zinali pakhomo monga kale, koma panalibe woimapo. Kamwana ka wina kanathamangira mbale ya nyama ya nkhumba, manja ali fumbi lokhalokha. Anthu, akumwetulira, anatembenukira kwa Bostiao, kudikira mawu ake aja. Iye anangoyang'ana mpunga umene unali m'mbale mwake.

Amene anadzuka anali Piedade. Anagwira mwanayo padzanja n'kupita naye ku ndowa.