Galimoto Yomwe Inkalira pa Mtunda

Bambo anga atapuma ntchito ya zankhalango paphiri la Dedza, anagula galimoto kwa mzungu wina yemwe ankabwerera kwawo. Apa n'kuti matipate atakhazikika kale. Maso a bambo anali atayamba kufooka, choncho woyendetsa ndinali ine. Loweruka lililonse, popeza kusukulu komwe ndinkaphunzitsa kunalibe ntchito, ndinkapita nawo kumunda wathu wa mbatata ya kachewere ku Kaphuka.

Galimotoyo inali ndi khalidwe lake. Tikafika pakati pa mtunda wina wautali, nyali yofiira inkayaka, kabelu n'kuyamba kulira kuti ti-ti-ti, kusonyeza kuti injini yatentha. Kankalira ngakhale m'mawa wa mu Juni, ife titavala majuzi awiriawiri. Pomwe kankayambira kulirapo panali kasitolo ka bambo ena achisilamu, aatali, a ndevu zoyera, omwe ankagulitsanso tiyi ndi mandasi. Tinkaima pomwepo n'kutsekula boneti.

Poyamba ankangotipatsa madzi othira mu rediyeta. Posakhalitsa anazolowera, moti akationa chapatali ankatereka ketulo. Iwo ndi bambo ankakhala pabenchi n'kumatsutsana za ndale, aliyense ndi chipani chake, mokweza mawu ngati akulipsira zaka zonse zomwe anthu ankanong'ona. Injini inkazizira, tiyi wanga n'kutha, iwo akadali pa nkhani ya feteleza.

Pa Khirisimasi ina achimwene anga anabwera kuchokera ku Joni, komwe ankagwira ntchito pagalaja, atanyamula kompyuta ya m'chikwama. Atamva za kabelu kaja, anayeza kutentha kwa madzi pamtunda womwewo n'kupeza kuti panalibe choopsa. Kunyumba analumikiza chingwe pansi pa chiwongolero, manambala n'kudzaza pagalasi la kompyutayo.

"Galimoto iyi ili ndi kakompyuta kake m'kati," anatero achimwene. "Kanauzidwa kuti madzi akatentha kufika pakuti, kazilira. Mzungu uja anali wamantha, anatsitsa nambalayo mopitirira. Ndingoibwezera pomwe anaika opanga."

"Ndiye kuti yakhala ikutinamiza?" anafunsa bambo.

"Ayi, ababa. Imangochita zomwe inauzidwa."

"Ndiye ikukuposa iwe."

Achimwene anaseka, n'kudinadina mabatani, ntchito n'kutha madzi osamba asanafunde. Bambo ananyadira kwambiri. Atatuluka m'tchalitchi Lamulungu, anauza aliyense kuti mwana wawo amalankhula ndi injini.

Loweruka lotsatira tinakwera mtunda uja galimoto ili chete. Pagalasi loonera kumbuyo ndinaona eni sitolo ataima pakhonde, ketulo ili m'manja.

"Tiime?" ndinafunsa.

"Tiimirenji? Galimoto sinalire."

Kumunda tinafika msanga, ndipo tsiku limenelo palibe chomwe chinawakomera bambo. Mizere inali yokhota, mbatata zinali zazing'ono, ine ndinkayendetsa ngati ndanyamula nkhuni. Zinakhala choncho kwa masabata angapo. Bambo anali munthu woti sangakhale pasitolo popanda chifukwa, ndipo kucheza kokha sankakuwerengera ngati chifukwa.

Kenako mayi wina wogulitsa kabichi anabwera ndi uthenga. Eni sitolo ankafunsa ngati panali mawu ena omwe anawalakwira, ndipo ankati ngati ndi za chipani, iwo akhoza kumangomvetsera. Bambo anandipeza ndikuchapa kuseri kwa nyumba.

"Kodi nambala ija, iweyo sungaitsitse pang'ono?"

"Kompyuta inabwerera ku Joni ndi mwini wake, ababa."

Anatembenuka n'kuchoka.

Loweruka, titafika pakati pa mtunda, bambo anayamba kununkhiza.

"Ukumva fungo?"

"Ayi."

"Chinachake chikupsa. Makompyuta samva fungo. Ima."

Ndinaima. Boneti anatsekula okha n'kusuzumira m'kati nkhope ili gwa. Eni sitolo anatsika pakhonde, anapereka moni, nawonso n'kusuzumira, manja ali kumbuyo.

"Yatenthadi, achimwene," anatero kwa bambo. "Iyi ikufunika nthawi."

Palibe yemwe anakhudza injini. Anapita pabenchi, ndipo mandasi asanafike, lonjezo longomvetsera lija linali litaiwalika. Tsikulo kumunda sitinafike. Madzulo amayi anga ataona matumba opanda kanthu anandiyang'ana, ine n'kuwalozera bambo, omwe anayamba kufotokoza mwatsatanetsatane za vuto la rediyeta.