Chipini cha Mwala wa Utsi

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, Che Mdoka, ndimamva fungo la dothi lofiira la m'mapiri a ku Chowe limene linkamatirira kumkanjo wawo, ndipo m'makutu mwanga mumalira miyala ikugundana m'thumba pamene ankatsika phiri, khasu lili paphewa. Anzawo ankalimbikira chimanga ndi nandolo, koma iwo akangopalira mizere iwiri, mtima unkathawira ku maenje awo. Phirilo linkawapatsa mwala wamtundu umodzi basi, umene ankautcha mwala wa utsi: wosongoka ngati pensulo, woonekera mkati, wamtundu wa tiyi wopanda mkaka. Ogula ochokera m'tauni ankaupeputsa, amvekere akufuna yobiriwira. Agogo ankangoseka n'kunena kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Amene kudekha kunali kutawathera anali akazi awo, Abiti Jafali, amene ife adzukulu tinkawaitana kuti anganga. Miyala inali ponseponse, pansi pa kama, m'lichero, ngakhale mumtondo. "Kodi ine ndinakwatiwa ndi munthu kapena ndi phiri?" ankatero akusesa. Koma chinkawawawa kwenikweni chinali china. Powafunsira mbeta, agogo analonjeza chipini chonyezimira chovala pamphuno, chimene mkazi aliyense wa ku Chowe adzachitembenukira. Ana anabadwa, adzukulu tinabwera, anganga akuvalabe kachitsulo kakale kozilala, ndipo pa ukwati uliwonse anzawo ankawafunsa mwachipongwe kuti chipini chija chafika pati.

Tsiku lina agogo anandikodola kuseri kwa nkhokwe n'kundionetsa mwala waukulu ngati chala chachikulu, wopanda mng'alu ngakhale umodzi. Anauika padiso langa ndipo mudzi wonse unasanduka wagolide wodera, mbuzi ndi nkhuku zomwe. "Uwu ndi wa anganga ako," ananong'ona. "Ndikaupereka kwa wosema miyala ku Blantyre, pofika chikondwerero cha Idi akhala atavala. Pakamwa utseke." Anaubisa m'denga la khitchini, poganiza kuti tsache silifikamo. Anaiwala kuti m'dengamo ndi mmene anganga ankasomekamo mpeni.

M'mawa mwake, agogo ali kumzikiti, mphika wa nandolo unayamba kupendekeka pamafuwa. Anganga anapisa dzanja m'denga kufuna mpeni, napeza mwala. "Ndi muno momwe!" anatero, n'kuutsamiza pansi pa mphika, pamoto penipeni. Ine ndinafika ndi chidebe cha madzi nandolo zitabwadamuka kale, ndipo ndisanatule ndinangomva kuti thu! Mwala wasweka pawiri.

Agogo atabwera anaufukula m'phulusa ndi kamtengo. Ndinawamvera chisoni mpaka chinsinsi chinandipulumuka. "Anganga, mwatentha chipini chanu!"

Anganga anagwira pakamwa. Anayang'ana mwala, nayang'ana amuna awo. "Che Mdoka, ndiye mumakumbukirabe?"

"Nanga mumayesa m'phirimu ndimasaka mbewa?"

Zidutswazo zitazizira, agogo anazipukuta ndi mkanjo n'kuziloza kudzuwa. Sitinkadziwa kuti mwala wa utsi ukapsa umayera. Chidutswa chimene chinali kumoto chinali mbee ngati madzi a pachitsime, kungotsala kamzere kodera pakati. Agogo anayamba kuseka, kuseka mpaka kofia inagwa. "Abiti Jafali, zaka zonsezi ndakhala ndikutsuka mwala wa utsi ndi mchenga osayera, inu mwauphika ndi nandolo!" Anganga anaseka mpaka misozi, ndipo ndiwo zinapserera, tinadya zomwezo mosangalala.

Wosema uja anatengapo kachidutswa koyerako. Pa Idi anganga anayenda mudzi wonse, khomo ndi khomo, kukapereka moni ngakhale kwa anthu amene sankalankhulana nawo, mphuno ili m'mwamba. Wina akayamikira, iwo ankayankha kuti, "Anakumba ndi iwo, koma anaphika ndine." Miyala sinathe m'nyumbamo, koma kuyambira pamenepo ankaisesa mofatsa n'kuiunjika bwino pakhonde.

Onse awiri anatisiya, ndipo maenje aja anamera udzu. Chipinicho anganga anandipatsa ine, ndipo ndinaboola mphuno ndili wamkulu kale kuti chisakhale m'bokosi. Kumsika wa ku Mangochi amayi amandiimitsa kufunsa kumene ndinagula. Ndimawauza kuti chotere sagula, amachita kudikira moyo wonse.