Ndinasandutsa bambo anga chilombo cha m'nthano

Ndine mayi amene ndinaphunzitsa mwana wanga kuopa agogo ake, ndipo ndinkachita zimenezi ndikuseka. Inu owerenga, makamaka amene mukulerera ana kunja, ndimvereni.

Kwathu ndi kufupi ndi Kamwendo ku Mchinji, koma ndinakwatiwa ku Botswana komwe ndimaluka anthu tsitsi. Mwana wathu Naledi anakula akulankhula Chitswana ndi Chingelezi. Azakhali ake ankamusimbira nthano zakwawo, ine ndili duu ngati mlendo m'nyumba mwanga momwe. Zinkandiwawa. Ndinati nanenso ndili ndi kwathu, koma nditafufuza m'mutu ndinapeza nthano zonse za paubwana zitathawa.

Ndiye ndinapeka yanga. Naledi ankavuta kudya, choncho ndinamuuza za chimunthu cha ku Malawi chomwe chimagwira ana okana chakudya n'kukawapachika m'chigafa, momwe amaumitsira fodya. Kuti chimveke chenicheni, ndinachipatsa manja akuda ndi phula la fodya, chifuwa chosatha, chipewa chong'ambika ndi njinga yolira kwee! kwee! Zonsezi zinali za bambo anga, amene anagwira utenanti pa esiteti kuti ine ndipite kusukulu. Mwana uja ankaseteka mbale yonse, ine n'kumadzitama kuti ndapeza mankhwala. Amuna anga atadandaula kuti mwana wayamba kubwebweta kutulo, ndinawayankha kuti ifenso tinakula moopsezedwa ndipo sitinafe.

Naledi atayamba sukulu, tinabwera kumudzi patchuthi kudzera ku Zambia. Bambo anali asanamuonepo mdzukulu wawoyo. Inali nyengo yosoka fodya, ndipo atamva kuti tatsika minibasi pa Kamwendo anangochoka m'chigafa osasamba, n'kupalasa njinga nzimbe ili kumbuyo. Anafika akumwetulira, manja atatambasula, kenako anatsokomola. Naledi anauma thupi lonse, anadzikodzera, n'kuyamba kukuwa m'Chingelezi kuti asamupachike, adya chilichonse.

"Akuti chiyani mdzukulu wangayu?" bambo anandifunsa.

"Watopa ndi ulendo, ababa," ndinanama.

Bambo anadziyang'ana manja n'kuwabisa kumbuyo.

Masiku otsatira mwana anakana kutuluka m'nyumba. Ndinamuuza kuti nthano ija inali yabodza, koma iye anati ngati ndi bodza, nanga bwanji munthuyo alipo ndipo chigafa chake ndi icho? Bambo anatsuka manja ndi sopo ndi mchenga mpaka anang'aluka. Njinga anakaisiya kwa aneba. Akafuna kutsokomola ankathamangira kuseri kwa khola. Nditaona zimenezi mtima unandikanika, ndinagwada n'kuwaululira zonse. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo mwina zikanandipepukira. Koma iwo anangoti, "Chabwino, mwananga. Bola mwanayo ankadya."

Tsiku lomwelo anasamukira kukamsasa kakudimba kuti Naledi azisewera panja momasuka. Ankabwera pafupi ndi nyumba n'kumamusuzumira ali m'chimanga. Tsiku lonyamuka anatitsanzika ali chapatali, mkono uli m'mwamba. Chaka chotsatira chifuwa chija chinawatenga.

Lero Naledi ndi wamkulu ndipo choona akuchidziwa. Komabe munthu wachikulire akatsokomola kumbuyo kwake m'basi, amadzidzimuka. Ine ndimawalotabe bambo ataima m'chimanga muja, ndikawaitana safika.

Inu owerenga, mwana wobadwira kunja amadziwa za kwanu kudzera pakamwa panu. Chimene mwamuuza, kwa iye kumudzi ndi komweko. Ngati nthano mwaziiwala, imbani foni mufunse, kapena mungomuuza mmene makolo anu anakulelerani. Musabwereke nkhope ya munthu wamoyo pofuna kuopseza mwana. Bambo anga anadikira mdzukulu wawo zaka zonsezo, ndipo analowa m'manda asanamugwireko ngakhale chala.