Muyeso wa phulusa

Ine sukulu ndinalekera sitandade thu, koma pa nazale ya paini ku Phiri la Dedza panalibe wondiposa mawu. Ndikakuwa kuti “Thu baketsi ofu wota!” ngakhale anthu a kumunsi kwenikweni ankathamangira ndowa. Chizungu changa chinali chomwecho, cha ndowa, matumba ndi zitini, ndipo ndinkapita nacho kunyumba monyadira.

Akazi anga anali ndi nyemba zawo, zing'onozing'ono zamawanga ofiirira, zimene analandira kwa amayi awo. Pamsika simukanazipeza. Akamenya nyemba ankapatula za mbewu, kuzisakaniza ndi phulusa, n'kumata pakamwa pa mtsuko. Ine ntchito yanga inali kuima pambali n'kumawawerengera mokweza: “Wani tini! Firii tinzi!”

“Bambo inu,” ankatero, “anankafumbwe samva Chizungu.”

Chaka chimene anadwala, nyemba ndinamenya ndine. Iwo ali gone pamphasa pakhonde anandiitana, mawu atachepa kale.

“Tamverani muyeso wa phulusa. Pa zitini zitatu za nyemba muziika...”

“Ndikudziwa, mayi!” ndinawadula. “Munthu ndinayeza mbewu za phiri lonse, kamtsuko aka kandikanike?”

Anandiyang'ana, kenaka anatembenukira kukhoma. Sanabwereze, inenso sindinafunse. Chisanu chisanathe tinawaika m'manda.

Zoona zake, sindinkadziwa. Zaka zonsezo ndinkawerenga zitini za nyemba, koma manja awo akamatapa phulusa sindinawayang'anepo. Ndinawaza lodzaza dzanja limodzi, n'kumata.

Mvula itayandikira ndinatsegula mtsuko. Fumbi lokhalokha, tizilombo tili yakaliyakali. Ndinakhala pansi n'kusankha zosabooka, sizinadzaze ndi chikhatho chomwe. Ndinadzala kuseri kwa nyumba, ndinathirira ngati paini. Sinamere ngakhale imodzi.

Ndinayenda mpaka kumsika wa Mayani, nyemba imodzi yobooka ili m'thumba la jekete, kuonetsa amayi ogulitsa mmodzimmodzi.

“Agogo, izi tinasiya kalekale kuziona.”

Ku Boma yankho linali lomwelo.

Mwana wanga wamkazi atabwera kudzandiona anasuzumira mumtsuko, nafunsa za nyemba za amayi ake, akuti akadzaleko kwawo. Ndinamuuza za anankafumbwe.

“Kodi amayi sanakuuzeni muyeso?”

Ine amene mawu anga ankamveka phiri lonse, tsiku limenelo anachita kuwerama kuti andimve.

“Anayamba kundiuza,” ndinatero.