Kampando kanga kanali ndi mano

Ndine munthu woleza mtima. Funsani aliyense pa mdadada wathu kuno ku Chawama. Pampope ndimaima pamzere osadandaula, magetsi akathima ndimangokoleza mbaula. Koma sabata ino mwana wanga Tamara, wa zaka zinayi, wandilasa pamtima.

Lolemba masana ndinamuikira mpunga ndi nyemba. Anaununkhiza, n'kukankhira mbale kumbali.

"Amami, mpunga wanu siununkila. Nifuna wa ba mayo ba Chanda."

Kenaka anawonjezera, maso ali gwa pa ine: "Ningankale mwana wao?"

Amayi anzanga, munamvapo mawu otere kuchokera pakamwa pa mwana amene munamuyamwitsa nokha?

Amake Chanda ndi neba wanga, makomo athu ndi oyandikana. Kwawo ndi ku Kitwe. Amuna awo amayendetsa thiraki ya ku Dar es Salaam, ndipo pobwerera amatsitsa thumba la makokonati. Tsiku limene mayiyu waphika mpunga wa kokonati, fungo limadutsa pansi pa malata n'kudzakhala m'chipinda mwathu ngati nalonso limalipira lendi. Amuna anga amayamba kumeza malovu, n'kumati, "Koma aneba aja aphika, ayi." Ine ndikungovundula nyemba zanga.

Za amuna anga ndinkapirira. Za mwana zinandikanika.

Lachiwiri ndinabereka Tamara mpaka kumsika wa Soweto, n'kugula kokonati imodzi. Kufunsa kaphikidwe? Ndifunse ndani, iye uja? Ndinaiboola ndi msomali, madzi a m'kati n'kutsanulira mumpunga, poti ndinkamva anthu akunena za mkaka wa kokonati. Nyama yake yoyera ija ndinaswa n'kugawira ana a pabwalo kuti azitafuna.

Mpunga unapsa. Fungo, ng'o. Tamara analawa kamodzi n'kuika supuni pansi.

"Ni wamene uja wa mailo," anatero, kutanthauza mpunga wadzulo uja.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya mpunga wonse ndekha, uku mtima ukuwira.

Lachitatu ndinanamizira kukabwereka sefa. Ndinawapeza amake Chanda atakhala motang'adza pa kampando kakafupi ka thabwa. Kutsogolo kwake kunali kachitsulo kokhala ngati lilime, ka mano ang'onoang'ono, ndipo iwo ankapalira pamenepo theka la kokonati, zoyera zikugwera m'mbale. Ana anali atawauza kale za nyama ndinagawa ija. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Iyee, amake Tamara! Manzi ya mukati niyakumwa chabe. Mukaka uli mu nyama. Mupala so, mwaikako manzi yofunda, mwafinya. Manje imwe munapasa bana mukaka onse, mwapika na manzi!"

Ndinaseka nawo, kuseka kwa mano okha. Maso anga sanali pa mbale. Anali pa kampando.

Kampando koteroko ndili nako m'nyumba.

Kanachokera ku Nkhotakota pamutu pa agogo anga aakazi, pamene ankatsatira amuna awo kuno ku Lusaka. Agogo aamunawo, asanabwere kuno, anagwirako ntchito m'minda ya kokonati ku Mozambiki, kuswa ndi kuyanika nyama yake padzuwa kuti ikapangidwe sopo ndi mafuta. Bambo anga ankati m'nyumba mwawo mpunga wopanda kokonati unkatchedwa chakudya cha odwala. Koma ku Lusaka kulibe mtengo wa kokonati. Kampando kanasiya ntchito yake. Amayi anga ankakhalira pochapa, n'kumakatcha kampando ka mano. Nditakwatiwa anandipatsa pamodzi ndi mapoto. Palibe anandiuza kuti manowo ndi a chiyani, ndipo ine sindinafunse.

Chaka chatha kachitsuloko kanang'amba chitenje changa cha kutchalitchi, kenaka kanakanda Tamara pamwendo. Ndinauza amuna anga kuti akachotse. Anapita nako kwa owotcherera zitsulo a pamsewu, anadula, chidutswacho n'kuponyera pamulu wa zitsulo zakale. Tsiku limenelo ndinadziyamikira kuti ndine mayi wosamala.

Ndiye tandiuzani, nsanje yanga ndiipereke kwa ndani? Mayi wa ku Kitwe, amene mtengo wa kokonati amangouona pafoni ya amuna ake, akundiphunzitsa ine chakudya cha makolo anga. Iye kampando kake anachita kumugulira. Ine kanga kanali kaulere, ndipo ndinakagulula mano ndekha.

Ndimaganiza kuti umu ndi mmene chakudya chimachokera pakati pa anthu. Sichitsanzika. Choyamba chimasowa pamsika. Kenaka chimasowa m'manja, manja n'kuiwala. Pomaliza chiwiya chake chimasanduka chokhalira. Ndi mabanja angati kuno kukomboni amene ali ndi mtondo wosungiramo maambulera, kapena mphero yotsekera chitseko kuti mphepo isamenyetse?

Chopweteka n'chakuti kokonati yabwereranso, koma siinabwerere pakhomo pathu. Ili m'mashopu akuluakulu, m'kabotolo ka mafuta a tsitsi, m'mabisiketi, m'chitini cholembedwa Chingerezi. Mtengo wake umangouyang'ana n'kubweza pashelefu mwaulemu. Agogo anga anathyoka msana poiyanika. Mdzukulu wawo ndimangoinunkhiza kudzera pansi pa malata.

Ena mudzati, nanga nsinjiro zilibe ntchito? Zili nayo. Chibwabwa changa chotendera, masamba a maungu aja, palibe amachinyoza pamdadada pano, ngakhale amake Chanda amabwera ndi kambale. Koma kauzeni zimenezo mwana wa zaka zinayi amene mphuno yake yasamukira kale kwa aneba.

Dzulo ndinameza malovu owawa. Ndinagulanso kokonati, nthawi ino ndinaigwedeza kukhutu monga amake Chanda anandiuzira, kuti ndimve ngati madzi alimo. Ndinagogoda pakhomo pawo.

"Odi, ba neba. Nibwelekeniko ka mupando."

"Tengani, mayo. Koma muchenjele, kaluma vala."

Kanandilumadi. Chala chapakati ndamanga kansanza pamene ndikulemba pano. Ndinapala, ndinafinya, ndinaphika. Fungo linakwera, ndipo ulendo uno linadutsa pansi pa malata kupita uko. Tamara anadya mpaka kunyambita supuni. Ndinadikira, mtima uli m'mwamba, kuti anene mawu amene ndinawavutikira sabata yonse.

Anapukuta pakamwa n'kufunsa kuti, "Amami, ba mayo ba Chanda ndiye batipasa?"

Ndabweza kampando ka eni. Kanga kali pakona apo, kopanda mano, ndipo mawa ndikhalirapo pochapa. Inu amene mukuseka, musanapite kwa owotcherera zitsulo ndi chinthu chimene amayi anu anakusiyirani, mwafunsa kuti chinali cha ntchito yanji?