Mwana wa Mlongo Wanga Sindinamunyamule

Kunja komwe ndinkaphunzira, ntchito yanga inali yogwetsa ulesi. Tinkawombera tinthu tosaoneka ndi maso, totchedwa manyutironi, pa kachidutswa ka mtovu, ine n'kumaona pa kompyuta kuti tadutsa ndi tingati, tatsakamira ndi tingati. Makinawo anali kuseri kwa chikhoma chochindikala, sindinawakhudzepo n'komwe.

Nditabwera kwathu ku Chipoka, malume anandifunsa pagulu, uku akusoka ukonde: "Kodi mphwanga, kumeneko umagwira ntchito yanji?"

Mtovu womwewo unali lendelende pa ukonde wawo. Ndinachita manyazi kunena kuti ndinakwerera ndege chitsulo chomizira ukonde. Ndinatsitsa mawu: "Za nyukiliya, malume. Zoopsa. Sitiulula."

Anthu anayamba kundipatsa ulemu, ndipo unandikomera.

Sabata yomweyo mlongo wanga anatulutsa khanda lake m'chikuta. Abale onse analinyamula. Ine nditatambasula manja, iye anabwerera m'mbuyo.

"Pepani achimwene, poizoni wa kuntchito kwanu uja angamulowe."

Ndikanangoseka n'kuulula. Koma malume anali pomwepo, ndiye ndinagwedeza mutu ngati katswiri, n'kupisa manja m'matumba.

Mwanayo anamutcha dzina langa. Pano akuyenda, ndipo akandiona amathawa.